Umboni, kapena kudzionetsa chabe?

Uthenga wa sabata ino ndi wa mpingo wonse, koma makamaka ukupita kwa inu alongo athu achitsikana: amene muli ku koleji, amene mwangoyamba ntchito, amene mukali kuyenda ndi makalata kufunafuna ntchito, amene mwangolowa m'banja ndi amene mukali kudikira. Amayi ndi atate, musatseke foni n'kunena kuti izi n'za ana. Werengani mpaka kumapeto, mupezamo gawo lanu.

Funso lathu ndi ili. Mulungu akakuchitirani zabwino, inu n'kuonetsa anthu, kodi mukuchitira umboni kapena mukudzitama? Malire ake ali pati?

Kale chovala chimene mtsikana wavala pa Sondo chinkaonedwa ndi anthu a m'tchalitchi ndi a m'njira basi. Manje chovala, tsitsi latsopano, mbale ya chakudya, Baibulo lotsegula pambali pa kapu ya tiyi, mphete ya chitomero, zonse zimakwera pa WhatsApp status, pa Facebook ndi pa TikTok dzuwa lisanalowe. Pansi pake timalembapo kuti "ni Mulungu chabe". Mawuwo ndi abwino, ndipo ambiri amene amawalemba amawalemba ndi mtima woona. Komabe mawu abwino akhoza kukhala chitenje chofunda chinthu china, ndiye tiyenera kusuzumira pansi pake.

Ambuye Yesu anakamba zinthu ziwiri zooneka ngati zikukangana, ndipo anazikamba mu ulaliki umodzi, paphiri lomwelo. Pa Mateyu 5:16 akutiuza kuti tisabise kuwala kwathu, anthu aone zabwino zimene timachita. Mukangotembenuza tsamba, pa Mateyu 6:1, akutichenjeza kuti tisachite zabwino ndi cholinga choti anthu ationere. Nanga tigwire chiti? Kusiyana kwake kuli kumene maso a oonerawo akukathera. M'vesi loyamba anthu akaona, maso awo akudutsa pa ife n'kukafika kwa Atate. M'vesi lachiwiri maso akuima pa munthu, ndipo Ambuye akuti munthu wotereyo malipiro ake ndi omwewo, walandiriratu.

Izi zikutanthauza kuti alongo awiri akhoza kumaliza maphunziro tsiku limodzi ku UNZA kapena ku Evelyn Hone, kuvala gauni lofanana, kujambulitsa pamalo amodzi, kulemba mawu amodzi, koma wina wachitira umboni, wina wadzitama. Inu ndi ine sitingathe kusiyanitsa poyang'ana chithunzi. Choncho uthenga uno usakhale ndodo yokwapulira mwana wa mnansi. Funsoli munthu amadzifunsa yekha pamaso pa Mulungu.

Tiyeni tione mfumu Hezekiya pa 2 Mafumu 20. Anadwala mpaka mneneri Yesaya anamuuza kuti akonze za pakhomo pake, nthawi yakwana. Iye anatembenukira kukhoma, analira, anapemphera, ndipo Mulungu anamuwonjezera zaka 15. Anamupatsanso chizindikiro chodabwitsa: chithunzithunzi cha dzuwa chinabwerera m'mbuyo makwerero 10. Mbiri imeneyi inamveka kutali, mpaka mfumu ya ku Babulo inatuma amithenga ndi makalata ndi mphatso. Buku la 2 Mbiri 32:31 likutiuza kuti anthuwo anabwera kudzafunsa za chodabwitsa chimene chinachitika m'dzikomo.

Taganizani mwayi umenewo. Anthu osadziwa Mulungu ayenda ulendo wautali kudzafunsa okha kuti chachitika n'chiyani. Hezekiya anali ndi umboni woposa wa wina aliyense wa ife. Koma iye anawatenga n'kuyamba kuwayendetsa m'nyumba zosungira chuma: siliva, golide, zonunkhira, mafuta amtengo wapatali, zida za nkhondo. Palibe chimene anasiya osawaonetsa. Malemba satiuza kuti anawakambirako za Mulungu amene anamuutsa pa mphasa ya imfa. Alendo atapita, Yesaya anabwera n'kumufunsa kuti anthu aja aona chiyani m'nyumba mwake. Kenako anamuuza kuti zonse zimene waonetsazo zidzatengedwa kupita ku Babulo komweko, ndipo patapita zaka zoposa 100 zinachitikadi.

Onani bwino apa. Hezekiya sananame. Chuma chija chinalidi chake, ndipo anamupatsa ndi Mulungu. Ndiye kuti dalitso lenileni, lochokera kumwamba, likhoza kuonetsedwa m'njira yoti Mwini dalitso asaoneke. Anthu anabwera kudzafunsa za Mulungu, anabwerera atadziwa kuchuluka kwa golide. Mlongo wanga, anthu akamaliza kuona masiku anu pa foni, amachoka akudziwa chiyani? Amadziwa kumene mumadya, kumene mumakonzetsa tsitsi, mtundu wa foni yanu. Kodi amadziwa kuti munalira usiku ndipo Mulungu anakumvani?

Chachiwiri chimene tiyenera kuganizira ndi munthu amene akuona. Pa 1 Samueli 1 tikupeza akazi awiri a Elikana. Penina anali ndi ana, Hana analibe. Ana a Penina anali dalitso loona, palibe angatsutse. Koma dalitsolo linasanduka minga yobaya mnzake, chaka ndi chaka, ndipo zinkachitika pa ulendo wokapembedza ku Silo. Hana ankalira mpaka kukana chakudya. Penina ankachita dala, inu mwina simuchita dala. Komabe m'gulu lanu la mapemphero muli mlongo amene wapitirira zaka 30 ndipo pa ukwati uliwonse achibale amamufunsa kuti "nanga iwe liti?" Muli wina amene mimba yake inachoka osauza munthu. Muli wina amene diploma yake ili m'sutikesi, iye ali m'kabuthu ka mobile money kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Onsewa ali ndi nambala yanu.

Wina afunsa kuti, "Manje ndibise chimwemwe changa chifukwa wina akulira?" Iyayi. Aroma 12:15 ikutipatsa ntchito ziwiri, kukondwa pamodzi ndi okondwa ndiponso kulira pamodzi ndi olira, ndipo zonse ziwiri ndi za munthu mmodzi yemweyo. Kondwani, itanani anthu, vinani pa ukwati wanu mpaka nsapato zithine. Chimene chikondi chimapempha n'chakuti mukambe nkhani yonse. Mukauza anthu za mphete, auzeninso za zaka zimene munadikira, za chibwenzi chimene munachikana chifukwa sichinali cha Mulungu, za manyazi amene munamva. Mlongo wodikira akamva zimenezo amapeza mphamvu, amati Mulungu amene anakumbukira uyu andikumbukira inenso. Akangoona mphete yokha, amagona akuganiza kuti pali chimene chinalakwika pa iye. Umboni woona umamusiya womvera ali ndi chiyembekezo.

Ndikambeko ndi inu amene muli mbali inayo, amene mumaona za anzanu usiku mtima n'kuwawa. Chimene mukuonacho ndi mphindi imodzi yosankhidwa bwino pa maola 24. Kumbukirani chaka cha 2024, mvula itakana, madzi atatsika ku Kariba, magetsi akuthima pafupifupi tsiku lonse. Tonse tinali pa mbaula, kupemerera malasha, kusakasaka kotchajira foni. Koma zithunzi zinali zowala ngati kale. Palibe amajambula ndowa zili pamzere pa mpope, kapena nkhope yake landilodi akugogoda pa tsiku loyamba la mwezi. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Sindikunena kuti mlongo aliyense wooneka bwino akubisa zoipa, awe. Ndikunena kuti musayeze moyo wanu wonse, umene mukuudziwa mpaka kuchipinda, ndi pakhonde chabe pa nyumba ya mnzanu. Kaduka nako ndi tchimo, ndipo kamalowa mosavuta mwa munthu wotopa amene wagwira foni pakati pa usiku.

Chachitatu ndi choonadi, ndipo apa mpamene nkhani imafika pa ndalama. Tikudziwa zimene zimachitika. Mtsikana atenga kaloba kuti achite photo shoot ya tsiku lobadwa. Wina akongola pa foni, ngongole pamwamba pa ngongole, kuti aoneke pamalo odyera a ku Manda Hill kapena East Park. Wina adya ndalama za chilimba nthawi yake isanakwane. Banja latsopano liyamba ndi ngongole ya kitchen party imene inapitirira mphamvu za makolo onse awiri. Kenako pansi pa chithunzi alemba kuti "ni Mulungu chabe". Alongo anga, kulemba dzina la Mulungu pansi pa chinthu chimene mwagula ndi kaloba kuti anthu aganize kuti kumwamba kwatseguka, kumeneko n'kutchula dzina lake pachabe, chimene Eksodo 20:7 akuletsa. Mwamuika Mulungu kukhala mboni ya chinthu chimene sanachite.

Hananiya ndi Safira pa Machitidwe 5 sanafe chifukwa chopereka zochepa. Petro anauza Hananiya momveka kuti munda unali wawo, ndalama zinalinso zawo, akanatha kuchita nazo zimene afuna. Mlandu wawo unali wofuna kuoneka pamaso pa mpingo mosiyana ndi mmene analili. Ndipo Miyambo 22:7 imatichenjeza kuti ngongole imamusandutsa munthu kapolo wa amene anamukongoza. Atsikana angati alowa m'manja mwa amuna amene sakanawayang'ana n'komwe, chifukwa chofuna kusunga mbiri ya moyo umene malipiro awo sangaukwanitse? Diresi ya salaula ya ku Soweto kapena ya ku Kamwala, yochapa ndi kusita bwino, yogula ndi ndalama yanu, mulibe manyazi m'menemo. Mumavala n'kugona tulo.

Tsopano gawo la akuluakulu lija. Ana amaphunzira poona chimene anthu amaombera m'manja. M'mipingo yambiri ya chipentekoste, nthawi ya maumboni ikafika, munthu akati wagula galimoto, wapeza visa, kapena wamutomera, nthungululu zimang'amba denga. Wina akaimirira n'kunena kuti wakhululukira amayi omupeza amene anamuzunza, kapena kuti bwana anamuuza agone naye kuti amulembe ntchito iye n'kukana, ndipo mpaka lero ali pakhomo, timamva ka Amen kofooka n'kudikira wotsatira. Mtsikana wa zaka 19 wakhala pampando akuona zonsezi. Akatuluka, akudziwa mtundu wa umboni umene umagulika. Tikafuna kuti ana athu aakazi asathamangire zooneka, tiyambe kuimbira nthungululu zinthu zimene kumwamba amaimbira. Abale achimuna, nanunso musaseke. Makiyi a galimoto oikidwa dala patebulo, suti yobwereka, chithunzi pambali pa galimoto ya abwana, ndi matenda omwewo.

Dziko lathu linalengezedwa kuti ndi la Chikhristu pa 29 December 1991, m'nthawi ya Pulezidenti Frederick Chiluba. Lero dzina la Mulungu lili paliponse, pa maminibasi, pa ma saluni, pa tuntemba. Timayamika chifukwa cha ufulu umenewu, pali maiko ena kumene abale athu sangatchule dzinali poyera. Koma kumene dzina la Mulungu lili lotchipa kulilemba, mpamene tiyenera kusamala kwambiri kuti tikuliika pa chiyani.

Pali alongo ena amene kuonetsa zinthu ndiyo ntchito yawo. Amagulitsa makeke, zovala, mawigi, nkhuku, amaluka tsitsi, ndipo makasitomala amawapeza kudzera pa zithunzi. Pitirizani, Mulungu adalitse manja anu. Lidiya wa pa Machitidwe 16 ankagulitsa nsalu zofiirira zamtengo wapatali, ndipo nyumba yake inalandira Paulo ndi anzake ku Filipi. Mkazi wa pa Miyambo 31 amagula munda, amasoka, amagulitsa. Malonda abisika sagulika. Chofunika n'chakuti keke imene kasitomala alandire ifanane ndi ya pa chithunzi, ndipo malonda atchedwe malonda. Musawaveke mkanjo wa ulaliki kuti anthu a mumpingo achite manyazi kukana kugula. Komanso Chikhristu si nkhope yokwinya. Kudzisamalira, kuvala bwino, kukongoletsa kachipinda kanu ka lendi, kuseka ndi anzanu, zonsezi ndi mphatso, ndipo mtsikana wosapemphera akaona kuti mwana wa Mulungu ali ndi chimwemwe chopanda mowa ndi ma blesser, chimenecho nacho chimalalika.

Ena amabisa madalitso pa chifukwa china. Amati ukaonetsa, afiti akuona, ansanje akutsekera. Mimba abisa, ntchito abisa, ulendo abisa, mtima uli phaphapha. Kumeneko sikudzichepetsa, ndi mantha, ndipo mwana wa Mulungu wogulidwa ndi mwazi wa Yesu sanaitanidwe kukhala mwamantha. Elizabeti anadzibisa miyezi 5 atatenga mimba ya Yohane, koma werengani Luka 1:24-25, mupeza kuti m'kubisalako pakamwa pake panali kuyamika Ambuye amene anamuchotsera chitonzo. Mariya naye ankasunga zinthu mumtima n'kumazisinkhasinkha. Pali kukhala chete kwa munthu amene akuopa mdani, ndiponso pali kukhala chete kwa munthu amene akufuna kuyamba wakhala ndi Mulungu wake pa chinthucho anthu asanalowererepo. Ambuye anauza wakhate pa Marko 1 kuti asauze munthu, koma munthu wa ku Gerasa pa Marko 5 anamutuma kwawo kuti akauze abale ake. Palibe lamulo limodzi la nthawi zonse. Pali Mzimu Woyera amene amadziwa nthawi yokamba ndi nthawi yosunga, ndipo amayankha amene wamufunsa.

Chimene ndikufuna chikhale mumtima mwanu koposa zonse ndi ichi: masiku anu osaoneka ali ndi mtengo pamaso pa Mulungu. Ambuye Yesu anayamba utumiki wake ali ndi zaka pafupifupi 30. Pa zaka zonse za ku Nazarete, kuchotsa nkhani za ukhanda wake, tili ndi nkhani imodzi chabe, ya ulendo wa ku kachisi ali ndi zaka 12. Zina zonse ndi masiku wamba, ntchito ya ukalipentala, kumvera makolo, kupita ku sunagoge. Koma pa Yorodano, asanachite chozizwitsa ngakhale chimodzi, Atate ananena kuti akukondwera naye. Atate anali akuona zaka zimene anthu sanalembe.

Moyo wa mlongo wachikhristu, gawo lake lalikulu, ndi lotero. Kudzuka kukali mdima kuti mupeze basi ya ku tauni kuchokera ku Kanyama, ku Chawama kapena ku Mtendere. Kuphikira ang'ono anu nsima ndi kapenta musanapite ku kalasi. Kutumiza kangachepe kumudzi ku Katete kapena ku Petauke mwezi ukatha, inu n'kutsala ndi ya basi yokha. Kugona pansi m'chipatala pambali pa bedi ya amayi. Kubweza chenji chimene kasitomala anaiwala. Kuzimitsa foni pamene uthenga wa mwamuna wa mwini walowa. Palibe chithunzi cha zimenezi, ndipo palibe adzakuimbirani nthungululu. Hagara anali kapolo, woyembekezera, wothawa, ali yekha m'chipululu, ndipo pa Genesis 16 ndi iye amene anazindikira kuti Mulungu ndi woona munthu. Anaphunzira zimenezo pamalo pamene panalibe maso ena.

Taonaninso Dorika wa ku Yopa pa Machitidwe 9. Sitikumva mawu ake ngakhale amodzi. Ankasoka zovala n'kuthandiza osauka. Atamwalira, amayi amasiye anazungulira Petro akulira, akumuonetsa malaya amene Dorika anawasokera. Ntchito zake zinaonetsedwa ndithu, koma anazionetsa ndi anthu amene zinawafunditsa. Petro anapemphera, Dorika anauka, ndipo ambiri m'mudzimo anakhulupirira Ambuye. Umu ndi mmene Mateyu 5:16 ndi Mateyu 6:1 amagwirizanira mwa munthu mmodzi. Iye anali otanganidwa ndi singano, kuwala kunadzionekera kokha.

Ndiye sabata ino tichite zinthu zogwirika. Musanaike chithunzi kapena kuimirira kupereka umboni, imani pang'ono mudzifunse. Kodi zimene ndikuonetsazi n'zoona, zonse? Anthu akaona, atamanda ndani? Mlongo amene alibe chimenechi achoka ndi chiyembekezo kapena ndi chilonda? Ndipo ngati palibe angaike like ngakhale imodzi, kodi ndikhalabe wokondwa ndi chimene Mulungu wandipatsa? Funso lomalizali ndilo limaulula mtima msanga.

Kenako sankhani dalitso limodzi, laling'ono kapena lalikulu, mulisunge masiku 7 pakati pa inu ndi Mulungu. Tsekani chitseko monga Mateyu 6:6 akutiphunzitsira, muyamike, muone ngati kukoma kwake kuchepa chifukwa palibe wachiona. Chitiraninso munthu mmodzi chabwino chimene sadzadziwa kuti chachokera kwa inu. Ndipo pezani mlongo mmodzi amene akuvutika, mumuimbire kapena mupite kwawo, mumuuze umboni wanu wonse, pamodzi ndi mbali zija zimene simujambula. Amayi a chigwirizano ndi alangizi athu, tsegulani makomo anu kuti ana awa akhale ndi kokakamba zoona popanda kuopa kuti mawa zimveka mpingo wonse. Amene ali m'ngongole ndipo akuopa kunena, bwerani ku ofesi ya mpingo mkati mwa sabata, tikhala pansi, tipemphera, tiwerengera limodzi mmene mungatulukire.

Tiyeni tipemphere. Atate wakumwamba, Inu amene mumaona m'tseri, tikubweretsa ana anu aakazi pamaso panu. Amasuleni ku ukapolo wa maso a anthu. Chotsani kaduka mwa amene akudikira, chotsani kunyada mwa amene alandira, thyolani goli la ngongole ndi la mantha. Apatseni chimwemwe chimene sichidalira kuonedwa, ndi umboni umene umadzutsa ofooka. Alendo akabwera kudzafunsa za zimene mwachita, tipatseni nzeru yowaonetsa Inu. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.

Mukhale ndi sabata yodala. Tionana pa mapemphero a pakati pa sabata.